Malipenga a ku New Orleans ndi malipenga a ku Karonga

Ndege ikatera mumzinda wa New Orleans, kummwera kwa dziko la America, mlendo amatsikira pabwalo lotchedwa dzina la munthu woimba lipenga. Kuyambira mu 2001 bwalo la ndegeli limadziwika kuti Louis Armstrong, pokumbukira mwana wa mumzindawu amene anabadwa mu 1901 m'banja losaukitsitsa, koma n'kudzamveka dziko lonse lapansi chifukwa cha lipenga lake. Mlendoyo asanapeze ndi pogona pomwe, amakhala atauzidwa kale chimene eni mzinda amanyadira.

Wobwera ku Karonga pamsewu wa M1 amatsetsereka mapiri a Chiweta, n'kudutsa Chilumba, Ngara ndi Mlare nyanja ili kudzanja lamanja, mpaka kufika m'tauni. Pamenepo amakumana ndi njinga za kabaza zosawerengeka, matumba a mpunga wa kilombero ndi magalimoto akuluakulu othamangira kuchipata cha Songwe. Ambiri amagula mpungawo, kudya mbalagha, n'kupitirira ulendo wa ku Kyela kapena ku Mbeya. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'midzi imene akuidutsayo muli gule amene chiyambi chake chikufanana modabwitsa ndi cha jazi wa ku New Orleans.

Wina anganene kuti kuyerekeza malo awiriwa n'kukokomeza. Zoonadi, kwina ndi mzinda wa m'dziko lolemera, kwina ndi boma la alimi a mpunga ndi asodzi a usipa. Koma chiwerengero cha anthu sichikusiyana kwenikweni: kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 384,000 mu New Orleans, pamene wa kuno kwathu wa 2018 anapeza oposa 360,000 m'boma la Karonga. Ndipo mbiri ya malo onsewa inayenda njira imodzi: madzi anabweretsa malonda, malonda anabweretsa ukapolo ndi nkhondo, ndipo anthu amene anazunzika ndi zimenezi anatola malipenga a asilikali n'kuwasandutsa awoawo.

New Orleans anamangidwa ndi Afalansa mu 1718 pokhota mtsinje wa Mississippi, ndipo analowa m'manja mwa America mu 1803. Thonje ndi shuga za m'minda ya kumtunda zinkatsikira padoko lake. Padoko lomwelo pankatsitsidwanso anthu. Zaka zoyandikira nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, mzindawu ndi umene unali msika waukulu wa akapolo m'dziko lonse la America, ndipo olemba mbiri amati anthu oposa 100,000 anagulitsidwa kumeneko. Komabe panali kampata kamodzi. Lamlungu masana akapolo ankaloledwa kusonkhana, ndipo lamulo la mzinda la mu 1817 linawapatsa bwalo limodzi lokha, limene lero limatchedwa Congo Square. Pabwalopo ankaimba ng'oma, kuvina m'magulumagulu ndi kugulitsana tinthu. M'madera ambiri a America ng'oma ya munthu wakuda inaletsedwa. Pa Congo Square inapitiriza kulira.

Karonga anali kumapeto ena a chingwe chomwecho cha ukapolo. Mlozi, wamalonda wachiswahili, anamanga linga lake ku Mpata, pafupi ndi mtsinje wa North Rukuru, m'zaka za m'ma 1880, nthawi yomwe kampani ya African Lakes inatsegula sitolo yake m'mphepete mwa nyanja. Mu 1887 anthu a Mlozi anatentha bango padambo la Kambwe pomwe Ankhonde anabisala, ndipo ambiri anafera pomwepo. Nkhondo ya pakati pa Mlozi ndi azungu inatenga zaka, msilikali Frederick Lugard anavulalira momwemo mu 1888, mpaka mu Disembala 1895 pamene asilikali a Harry Johnston anagwetsa lingalo ndipo Mlozi ananyongedwa. Apa pali kusiyana koyamba kumene sikuyenera kuiwalika. Ku New Orleans akapolo ankabweretsedwa. Ku Karonga ankachotsedwa. Nyimbo za ku New Orleans ndi za anthu ozulidwa kwawo, amene anayenera kuluka chilankhulo chatsopano kuchokera ku zidutswa za mitundu yambiri. Magule a ku Karonga ndi a anthu otsala, amene anasungabe mfumu yawo Kyungu, phiri lawo la Mbande, nthochi zawo ndi chilankhulo chawo.

Kenaka kunabwera malipenga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, New Orleans anadzaza ndi mabandi oguba pamsewu potengera asilikali, ndipo anthu akuda anali ndi awo otchuka monga Excelsior ndi Onward. Ankavala yunifolomu, zipewa zachisilikali, n'kumaimba nyimbo za perete. Koma pang'onopang'ono kagundidwe ka ng'oma kanayamba kupendekera ku Congo Square, lipenga linayamba kulira ngati munthu woimba kutchalitchi, ndipo pofika cha m'ma 1900 munthu wina dzina lake Buddy Bolden ankaimba zinthu zimene kunalibe dzina lake. Armstrong mwiniyo anaphunzira lipenga mu bandi ya kunyumba yosungirako ana olakwira malamulo, komwe anatumizidwa atawombera mfuti m'mwamba usiku wolowera chaka cha 1913.

Ku Karonga malipenga anabwera ndi nkhondo yeniyeni. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Germany ochokera kutsidya kwa Songwe anathira nkhondo tauniyi ndipo anabwezedwa ndi a King's African Rifles. Manda a mbali zonse ziwiri alipobe. Magazi amene anakhetsedwa tsiku limenelo ndi amene anachititsa John Chilembwe kulemba kalata yake yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho. Mu 1916 gulu lankhondo la General Northey linanyamukira m'dera lino kulowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani kutsidya kwa Songwe, ndipo amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondo yonseyo. Anthu amenewa anaona perete m'mawa uliwonse. Anamva lipenga lodzutsa ndi logoneka asilikali. Anaona mkulu wa asilikali akuyendera mizere, kuyang'ana nsapato ndi mabatani. Atabwerera kumudzi, ndi mabala awo ndi njala yawo, anatenga zonsezo n'kuziika pabwalo la gule. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, anatsata m'mene magule oterewa anayambira m'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, n'kufalikira kumtunda ndi nkhondoyo. Kwathu kuno anabala beni wa Ayawo, mganda wa m'chigawo chapakati, ndi malipenga a Atonga, Atumbuka ndi Ankhonde, amene ku Karonga ambiri amawatchula kuti mapenenga.

Amene anaonerapo mapenenga sawaiwala. Amuna amalowa m'bwalo atavala zoyera mbee, makabudula ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, ena tayi pakhosi, kampango m'dzanja kapena ndodo. Safulumira. Mwendo umanyamuka mwaulemu, thupi limapendekeka pang'ono, mzere wonse n'kutembenuka nthawi imodzi, ng'oma yaikulu ikugunda pansipansi. Ndi gule wa ukhondo ndi kudzilemekeza. Munthu amene dzulo lake ankasenzetsedwa katundu wa mzungu popanda nsapato, lero akudzionetsa kuti iyenso angathe kukhala kaputeni, ndipo angathe kuguba mokongola kuposa amene anamuphunzitsa.

Koma lipenga la mkuwa kunalibe. Ndiye anthu anatenga zikho za maonekedwe osiyanasiyana, kuziboola, n'kumata pabowopo kachikopa kopyapyala kamene kangaude amakutira mazira ake. Masiku ano ambiri amamatapo kapulasitiki. Chikho chotere sichitulutsa nyimbo pachokha. Woimba amang'ung'udza nyimboyo ndi pakhosi pake, kachikopako n'kunjenjemera, mawu n'kutuluka okulirapo ndi onzuna. Chikho chaching'ono chimatenga mawu apamwamba, chachikulu apansi, ndipo zikalira pamodzi zimamveka ngati kwaya ndi bandi nthawi imodzi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene njira ziwirizi zinapatukirana. Lipenga la mkuwa lili ndi mphamvu yoti munthu mmodzi aime patsogolo, anzake akhale chete, iye aonetse luso lake. N'chifukwa chake jazi anabala mayina: Bolden, King Oliver, Sidney Bechet, Armstrong. Chikho chimodzi pachokha n'chosamveka. Kukoma kwake kuli m'gulu. Choncho malipenga anabala mayina a magulu ndi a midzi, osati a anthu. Palibe cholakwika pamenepo. Kungoti msika wa nyimbo ndi wa zokopa alendo umayenda ndi mayina ndi nkhope, ndipo gule amene mwini wake ndi mudzi wonse savuta kumulambalala.

Pa kayendetsedwe ka magulu, malo awiriwa akufanananso kwambiri. Gulu la malipenga limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo ake: mfumu ya gule, akaputeni, dokotala ndi anamwino oyang'anira ukhondo wa ovina, msungichuma. Nthawi ya chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, boma lina limaitana anzake ku mpikisano, mudzi woitanawo n'kuphika ndi kugoneka alendo. Amayi nawo ali ndi ndolo wawo. Kale zovala zambiri zinkagulidwa ndi ndalama za amuna opita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ku Copperbelt kapena ku Joni. Ku New Orleans kuli mabungwe othandizana amene anayamba pamene makampani a inshulansi ankakana anthu akuda. Mamembala ankasonkha ndalama zolipirira wodwala ndi kuika maliro, ndipo limodzi mwa mabungwewa, la Young Men Olympian, lakhalapo kuyambira mu 1884. Bungwe lililonse lili ndi Lamlungu lake pachaka pamene limatuluka ndi bandi, mamembala atavala masuti ofanana, nsapato zofanana, ndipo khamu la anthu limatsatira pambuyo likuvina kwa maola anayi. Chikhamu chotsatiracho ndi chimene amachitcha second line. Pamaliro, bandi imaimba nyimbo zachisoni popita kumanda, pobwerera n'kusintha kukhala zovinitsa. Munthu wa ku Karonga sangadabwe nazo zimenezi. Godfrey ndi Monica Wilson, amene anakhala pakati pa Anyakyusa ndi Ankhonde m'zaka za m'ma 1930, analemba zambiri za ng'oma ndi kuvina kwa pamaliro m'dera lino.

Tsono ngati mizu ikufanana chonchi, n'chifukwa chiyani anthu miyandamiyanda amapita ku New Orleans chaka ndi chaka kukamva nyimbo, pamene ku Karonga mlendo wofuna mapenenga amayenera kuchita mwayi?

Chuma cha America ndi mbali ya yankho, ndipo sitingachinyalanyaze. Jazi anajambulidwa pa mbale koyamba mu 1917, ndipo mbalezo zinayenda pa sitima kufika kulikonse. Koma mbali ina ya yankho ndi ntchito imene anthu ochepa anaigwira mwadala, nthawi imene nyimbozo zinali pafupi kuzilala. Pofika m'ma 1950 jazi wakale anali atatha fasho mumzinda wake womwe. Okalamba amene anauyamba anali kugwira maganyu, ena atagulitsa zoimbira zawo. Mu 1958 yunivesite ya Tulane inatsegula nkhokwe ya mbiri ya jazi, ndipo Bill Russell ndi anzake anayenda khomo ndi khomo ndi makina ojambulira mawu, kufunsa nkhalambazo kuti zinaphunzira kwa yani, zinkaimba kuti, zinkalipidwa zingati. Mu 1961 kunatsegulidwa Preservation Hall, kachipinda kakang'ono ka mabenchi mumsewu wa St. Peter, komwe Allan ndi Sandra Jaffe anapatsa okalamba monga George Lewis ndi Sweet Emma Barrett malo oimbira usiku ndi usiku, ndi malipiro. Mu 1970 chikondwerero cha Jazz and Heritage Festival chinayambira pa Congo Square pomwe paja, Mahalia Jackson ndi Duke Ellington alipo, owonerera ali mazana ochepa chabe. Lero wayilesi ya m'dera ya WWOZ imalengeza sabata iliyonse kuti second line iyambira pati, idutsa misewu iti, nthawi yanji. Zonsezi sizinayambe ndi ndalama zambiri. Zinayamba ndi chipinda, makina ojambulira, ndi tsiku lodziwika.

Tsiku lodziwikalo ndi limene likusowa kwathu. Mlendo ndi mame, anatero akuluakulu. Sangadikire sabata ziwiri kuti mwina kumveka ng'oma kwinakwake. Ku New Orleans munthu wofika Lachiwiri amadziwa koti apite Lachiwiri lomwelo. Ku Karonga mpikisano wa maboma umadziwika kwa eni mudzi ndi oyandikana nawo, ndipo kunja kwa apo mapenenga amaonekera kawirikawiri pamene kwabwera nduna kapena pamsonkhano wa ndale. Ovina amadikira padzuwa kuyambira m'mawa, amapatsidwa mphindi zochepa pakati pa zolankhula, n'kubwerera ndi kangachepe kosakwana ndi sopo wochapira zoyera zawo zija. Zimandiwawa kuona gule amene anabadwa pofuna kubwezera munthu ulemu wake akusanduka chodzazira pulogalamu.

Komabe ndisapereke chithunzi chakuti ku New Orleans zonse zili bwino. Kutchuka kuli ndi mtengo wake, ndipo olipira mtengowo nthawi zambiri ndi eni nyimbo. M'zaka za m'ma 1960 boma linadula mitengo ikuluikulu ya mumsewu wa Claiborne, pakati pa dera la anthu akuda la Tremé, n'kumangapo msewu wam'mwamba, ndipo malonda a anthu akuda a m'mbali mwake anafa. Pa 29 Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina anagumula zipupa zotchinga madzi, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mzindawu anamira. Fats Domino, woimba wotchuka, anachita kupulumutsidwa pa boti kunyumba kwake ku Lower Ninth Ward. Mzinda umene unali ndi anthu oposa 480,000 mu 2000 unatsala ndi pafupifupi 344,000 mu 2010, ndipo ambiri mwa amene sanabwerere anali akuda osauka, omwe ndi amene amadzaza second line. Lendi inakwera, nyumba zambiri zinasanduka zogona alendo, ndipo obwera kumene anayamba kudandaula za phokoso. Mu 2007 apolisi anamanga oimba awiri ku Tremé chifukwa choguba ndi bandi pokumbukira mnzawo womwalira popanda chilolezo. Oimba ambiri a mumzinda umene umadya ndalama za nyimbo amadalirabe zimene alendo aponya m'chidebe.

Pamenepa Karonga ali ndi chimene New Orleans akuvutika kuchisunga. Bwalo la gule likadali la mudzi. Palibe amene amagula chilolezo kuti avine pakwawo, palibe amene wasamutsidwa kuti pamalo pake pagone alendo. Madzi osefukira a North Rukuru, Lufilya ndi Songwe amavutitsa chaka ndi chaka, zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri, koma anthu sanabalalike ngati a ku Lower Ninth Ward. Mwana amaphunzirabe sitepe poonera malume ake, osati m'kalasi lolipira. Chuma chimenechi n'chachikulu, ndipo aliyense wofuna kukopa alendo ayenera kusamala kuti asachiphwanye. Mapenenga ovinidwa mphindi khumi pakhonde la hotela, ovina asanu okha, si mapenenga. Ndi chithunzi chake chabe.

Ndipo sikuti Karonga akuyamba wopanda kanthu. Cultural and Museum Centre Karonga inatsegulidwa mu 2004, ndipo alendo amaimamo kale kudzaona mafupa a chinyama chamakedzana cha Malawisaurus ndi mbiri ya chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Kuli mawayilesi a m'dera, Radio Dinosaur ndi Tuntufye FM, olankhula zilankhulo za anthu ake. Kuli sukulu ya nyimbo ya Lusubilo, imene inayambitsidwa ndi mayi woimba wa ku South Korea, Chungja Agnes Kim, ndipo yatulutsa achinyamata oimba malipenga a mkuwa ndi masakisofoni amene amveka m'dziko muno ndi kunja. Ndimalakalaka tsiku limene achinyamata amenewa adzaime bwalo limodzi ndi akuluakulu a zikho, aliyense kumvetsera mnzake, chifukwa jazi anabadwa pamene lipenga la mkuwa linakumana ndi ng'oma yakale. Sitima ya Ilala, imene yakhala panyanja kuyambira mu 1951, ili ndi doko lake pa Chilumba. Oyandikana nawo a ku Chitipa anaonetsa kale kuti gule wa kumudzi angathe kudziwika padziko lonse, pamene mwinoghe analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2018, kutsatira vimbuza ndi gule wamkulu.

Chimene ndingatenge ku New Orleans si chikondwerero chachikulu cha mabwalo khumi, ayi. Ndingatenge kalendala: maboma a gule, mafumu ndi khonsolo atagwirizana masiku a mipikisano ya chilimwe, mawayilesi n'kumalengeza, myuziyamu n'kumauza alendo kuti Loweruka lino ng'oma ili mudzi wakuti, apite kumeneko ngati alendo a mudziwo, ndipo chimene apereke chilowe m'thumba la boma lovinalo. Kupita kwa mlendo kumudzi n'kwabwino kuposa kukokera gule m'tauni, chifukwa mayi wogulitsa mbalagha ndi mnyamata wa kabaza nawonso amapezapo kanthu, ndipo gule amaonekera pamalo pake, ndi fumbi lake, ndi nthungululu za eni ake.

Koma chofulumira kuposa zonse ndi nkhokwe ya mawu. Buddy Bolden, amene ambiri amati ndiye anayamba jazi, anadwala misala mu 1907 n'kumwalira m'chipatala mu 1931, ndipo palibe mbale ngakhale imodzi yosunga kulira kwa lipenga lake. New Orleans amadandaula nazo mpaka lero, ndipo chisoni chimenecho ndi chimene chinawatuma kukajambula otsalawo nthawi isanathe. Kwathu, zina mwa nyimbo zakale za kumpoto zimene Hugh Tracey anajambula mu 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, ku Makhanda m'dziko la South Africa, kutali ndi zidzukulu za oimbawo. Amene anayamba mapenenga atabwera ku nkhondo ya 1914 anapita kale onse. Amene anaphunzira kwa iwo maso ndi maso ndi nkhalamba zochepa zimene zatsala ku Kaporo, ku Mpata, ku Lupembe ndi ku Nyungwe. Iwo ndi amene akudziwa kuti boma lakuti linayamba liti, nyimbo yakuti inapekedwa chifukwa cha chiyani, chikho chabwino chimasankhidwa bwanji.

Ntchito imeneyi sikufuna thandizo lochokera kunja. Foni ya m'manja imajambula bwino kuposa makina amene Bill Russell ankanyamula. Aphunzitsi a m'sukulu za sekondale za m'bomali, atolankhani a mawayilesi aja, ogwira ntchito ku myuziyamu ndi inu achinyamata a ku Karonga amene agogo anu anavinapo, khalani nawo pansi akuluakuluwa chilimwe chino, muwafunse m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka, mulembe mayina awo ndi a maboma awo, ndipo zojambulazo zisungidwe ku Karonga komweko kumene ana awo angakazimve.